Nyali Yachisanu ndi Chimodzi

Pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa mulu wa malata ndi matumba a simenti, pamakhala makina osokera opalasa ndi mwendo. Mwini wake ndi mayi wamfupi, wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, wovala magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi. Akuluakulu amawatchula kuti a Telala, koma ana onse a m'deralo amangoti Anti Samalani. Mwana akatola lumo, iwo "samalani." Akafuna kuwoloka msewu, "samalani." Ngakhale bambo wa ndevu zake, akamachoka ndi buluku losokedwa kumene, amamuuza kuti asamale pokhala pansi. Dzinali linamera mizu moti amuna awo omwe, amene amakonza njinga kumsika, akaiwala sopo amakuwa ali kubafa kuti, "Anti Samalani, tandiponyerani sopo kuno, koma mosamala!"

Iwo sakwiya nazo. Amadziwa kumene mantha awo anachokera.

Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tsiku lina mayi awo anachedwa kobwera, ndipo iwo anatsala awiri ndi mng'ono wawo m'chipinda chimodzi chimene banja lonse linkagonamo. Nyali inayamba kuphethira, parafini atatha. M'bokosi la machesi munali mutatsala kamtengo kamodzi, choncho anaona kuti kuizimitsa kaye n'kudziputira mavuto. Anatsegula kachitsekero nyali ili chiyakire, n'kupendeketsa botolo. Chimene amakumbukira ndi phokoso loti vuu, mphasa ikuyaka, ndi mng'ono wawo akuzungulira chipinda diresi ili moto. Mayi wa nyumba yoyandikana nayo ndiye anamugwetsa pansi n'kumukulunga m'bulangete. Mwanayo anachira, koma kuseri kwa khutu lake lamanzere tsitsi silinamerenso. Lero ndi mayi wonenepa, wa nthabwala zosatha, ndipo abale akasonkhana amaloza kadazi kakeko n'kunena kuti, "Akulu angawa anandimeta kamodzi kokha, mpaka pano mbali ino sinafunenso lumo." Anthu amagwa nako kuseka. A Telala amamwetulira pang'ono, kenako amapeza chifukwa chopitira kukhitchini.

Pasukulu ya m'deralo pali gulu la atsikana ovala timipango tobiriwira m'khosi, amene sukulu ikatsekera amapita kukagona kutchire masiku anayi. Mwana wawo wamkazi atalowa gululo, a Telala anapita kukamuperekeza, n'kuima pambali kuonerera katundu akukwezedwa m'lole. Anaona nyali zisanu ndi imodzi zitaponyedwa m'katoni limodzi ndi buledi, ndi chigubu cha parafini chotsekedwa ndi kapepala ka pulasitiki pakamwa. Anathamangira kunyumba, kutenga bulangete ndi mswachi, kuuza amuna awo kuti adziphikire okha, n'kukwera lole ija. Mwanayo anakula, anakwatiwa, pano ali ndi ana ake, koma mayi ake m'lolemo sanatsikemo. Kuyambira pamenepo nyalizo zinakhala m'manja mwawo.

Ulendo ukayandikira, chakudya sichinkawalowa bwino. Ankasolola bokosi kunsi kwa bedi n'kundandalika nyali zonse pabwalo dzuwa lili pamutu. Magalasi ankawatsuka ndi sopo, kuwapukuta ndi tizidutswa ta nsalu totsala posoka, kenako kuwaunika padzuwa kuti aone ngati ali ndi mng'alu. Zingwe ankazidula molunjika ndi kalumo kawo, poti chingwe chokhota chimafuka utsi n'kudetsa galasi ndi mwaye. Iliyonse ankaiyatsa, kuiyang'anitsitsa, kuinunkhiza kunsi ngati ikudontha. Parafini ankakagula okha m'chigubu chofiira chimene analembapo ndi penti, ndipo sankalola kuti chikhale mbali imodzi ndi chigubu cha mafuta a galimoto.

"Mayi, nyalizi mumazisisita kuposa ine," ankatero amuna awo ali pampando, akuonerera.

"Inu simuyaka."

"Wakuuzani ndani? Tayesani kundithira parafini muone."

"Chokani apa, mundiswera galasi."

Kutchireko, tsiku loyamba matenti akangoimikidwa, ankakhazika ana onse pansi. Nkhani ya mng'ono wawo sankainena. Ankatulutsa kachidutswa ka nsalu ya tenti yakale, kukagwira ndi pulayala ya amuna awo, n'kukayatsa. Ana ankaona nsaluyo ikukwinyika, ikusungunuka, ikudontha madontho akuda oyaka.

"Mwaona? Iyi siyaka ngati udzu. Imamata pakhungu. Ukati uichotse, imachoka ndi mnofu."

Zikatero m'pamene ankawauza malamulo. Woyatsa nyali ndi munthu wamkulu yekha. Parafini amathira masana, nyali itazima n'kuzizira, uko kutali kumene kuli ndowa ya mchenga. Nyali ili ndi msomali wake pamtengo, ndipo siyandikira tenti mapazi khumi. Wothamanga pafupi ndi nyali mawa atsuka mapoto onse.

Zaka khumi palibe ngakhale nsidze imene inawauka. Chaka chakhumi ndi chimodzi ndicho chinawasiyira nkhani.

Chaka chimenecho ana analipo makumi atatu ndi anayi. Wotsogolera anali mphunzitsi watsopano, mtsikana wansangala amene ana ankangomuti Madamu, woimba bwino moti ngakhale potola nkhuni ankayambitsa nyimbo. Panalinso a Dalaivala, bambo wosayankhulayankhula, wokonda kukhala m'lole mwawo ndi wailesi. Malo ake anali m'mphepete mwa munda wa munthu wina, pafupi ndi kamtsinje, pomwe panali chisakasa cha malata chodyeramo ndi chimbudzi chokumba kumapeto kwa kanjira.

Pakati pa anawo panali atsikana awiri a mimba imodzi. Wamkulu, wa zaka khumi ndi ziwiri, anzake ankamutcha Loya, chifukwa mawu alionse amene munthu anena iye ankawapezera pobowoka. Wamng'ono, Kamzime, anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri zokha. A Telala anali atakana kuti ameneyu apite, koma mayi a anawo, amene amagwira ntchito yosinthana kufakitale yophika buledi, anachonderera kuti alibe womusiyira. Madamu anavomera.

Pa chionetsero cha nsalu chija, Loya anakweza mkono.

"Anti, nanga mvula ikagwa, tenti itanyowa, ingayakebe?"

"Iyaka."

"Nanga nyaliyo ikakhala m'chinthu chachitsulo, chosakhudza nsalu?"

"Iwe, nyali silowa m'tenti. Nkhani yathera pomwepo."

Ana anaseka, Loya anatsitsa mkono. A Telala anapitiriza kukhoma misomali m'mitengo, osaganizanso za funsolo. Masiku awiri oyambawo, podutsa pafupi ndi tenti yakumapeto, ankamva Kamzime akulira chamumtima kuti kuli mdima, mkulu wake akumutonthoza. Anati azolowera. Onse amazolowera.

Tsiku lachitatu mvula inayamba masana, yamvumbi, yosakata. Mphepo yochokera kumtsinje inkalowa mpaka m'mafupa. Ana anadya mpunga ndi nyemba nthawi ikadalipo, atathithikana m'chisakasa, ndipo pofika sikisi koloko kunali kutada kale. A Telala anayatsa nyali zawo imodziimodzi n'kukazipachika: ziwiri m'chisakasa, ina pophikira, ina pamtengo wa pakati pa matenti, ina pakhomo pa chimbudzi, ndipo yachisanu ndi chimodzi pamtengo wa m'kanjira kopita kuchimbudziko. Madamu anayambitsa nyimbo kuti ana aiwale kuzizira. Iwo anatsala kophikira, kukwecha poto wamkulu amene mpunga unapserera pansi. Potoyo anawadyera nthawi.

Atamaliza, anafunda thumba la pulasitiki kumutu n'kuyamba kuzungulira, monga ankachitira madzulo alionse. Pophikira, ilipo. M'chisakasa, ziwiri zilipo. Pakati pa matenti, ilipo, ikugwedezeka ndi mphepo. Kutali kuchimbudzi, kakuwala kakuoneka. Koma pakati pa ziwirizi panali mdima wa ndiweyani.

Poyamba anati yazima ndi mphepo. Anafika pamtengo paja, kupapasa. Msomali unalipo, wozizira, wonyowa, wopanda kanthu. Anagwada m'matope n'kufufuza ndi manja, akupemphera kuti chala chawo chichekedwe ndi galasi losweka, chifukwa nyali yogwa n'kuzima m'matope ilibe mlandu. Panalibe galasi. Panalibe fungo la parafini wotayika. Nyaliyo munthu anachita kuichotsa.

Anayang'ana matenti onse asanu ndi awiri. Onse anali bii, palibe ngakhale imodzi yowala mkati.

Anathamangira kuchisakasa n'kukoka Madamu pamkono nyimbo ili pakati.

"Nyali ya m'kanjira ili kuti?"

"Si ili pomwepo, Anti?"

"Palibe."

"Mwina a Dalaivala abwereka. Musadandaule, ipezeka."

Anapita kulole, kumenya chitseko ndi chikhatho. A Dalaivala anatsitsa galasi, kuchepetsa wailesi, n'kunena kuti iwo ali ndi tochi yawo, nyali za Anti sangaziyerekeze n'komwe. A Telala anabwerera akuterereka m'matope, thumba la kumutu lija litauluka.

"Siyani kuimba! Aliyense aime pamene ali!"

Mawu awo anatuluka achilendo moti ana anangoti zii. Anayamba kuwerenga, akugwira mutu uliwonse ndi dzanja. Anapeza makumi atatu ndi awiri. Anati mwina dzanja ladumpha, anabwerezanso. Makumi atatu ndi awiri.

"Akusowa ndani?"

Ana anayang'anizana. Kenako wina kumbuyo anati, "Loya ndi mng'ono wake. Anati Kamzime akumva kuzizira, akukamugoneka."

"Liti?"

"Titangotha kudya."

A Telala anayang'ana Madamu, Madamu anayang'ana wotchi yake, ndipo nkhope yake inasintha. Panali patadutsa ola lathunthu ndi mphindi zingapo.

Tenti ya anawo inali yakumapeto, pafupi ndi mpanda wa munda. Pothamangira kumeneko, m'mutu mwa a Telala munkangobwera moto. Maso awo ankafunafuna malawi, mphuno inkafunafuna fungo la nsalu yopserera. Poona kuti tenti ili chiimire, yakuda, mvula ikuigogoda bwinobwino, mtima unatsika pang'ono. Anati mwina anawo agona, nyali ili kwina. Koma atawerama pakhomo anamva fungo la parafini, lolemera, lofunda.

"Loya! Tsegula!"

Kunali chete.

Zipi inali yotsekedwa mpaka pansi, yamkati ndi yakunja yomwe. Zala zawo zimene tsiku lililonse zimalowetsa ulusi pasingano zinkalephera kugwira kachitsulo ka zipi. Itatseguka, anapeza kuti m'munsi mwa khomo mwatsekedwa ndi matawulo, ndipo timawindo ta mpweya tamangidwa tonse. Mpweya umene unawawomba kumaso unali ngati wa m'khitchini yopanda zenera.

Pakati pa tenti panali ndowa yachitsulo yotungira madzi, itakhazikidwa pamiyala itatu yafulati. Pamwamba pake panali chivundikiro cha poto, chosiya kampata kakang'ono. M'kampatamo munkatuluka kakuwala kofiirira ndi utsi wopyapyala. Loya anali atakhala tsonga, atatsamira chikwama, manja ali kumutu. Kamzime anali chigonere m'bulangete, kukamwa kuli yasa.

"Anti," anatero Loya ndi mawu olemera ngati wadzutsidwa kutulo, "sinakhudze nsalu. Taonani, sinakhudze."

A Telala anagwira Kamzime m'khwapa n'kumukokera panja pamvula, bulangete ndi zonse. Mwanayo anali lende, mutu ukugwera kumbuyo. Madamu, amene anali atafika ndi tochi ya a Dalaivala, anatulutsa Loya. A Dalaivala anakulunga chipewa chawo kudzanja, kunyamula ndowa ija n'kukaiika kutali, kukweza galasi la nyaliyo n'kuuzira mpaka inazima.

"Kamzime! Mwanawe! Tadzuka!"

Anamugwedeza, kumusisita masaya, kuika khutu pachifuwa. Mtima unkagunda, mofulumira ngati wa kambalame. Mvula inkamugwera mwanayo kumaso koma iye osaphethira. A Telala anamva pakamwa pawo pakutuluka mawu amene sankawadziwa, theka pemphero, theka kukalipa. Sadziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Madamu amati sipanathe mphindi ziwiri, koma iwo amakana. Kenako mwanayo anakoka mpweya, kutsokomola, kutembenuka n'kusanza mpunga wonse pachitenje chawo. Atatero analira, kulira kwenikweni kokweza, kuitana amayi ake.

"Lira, mwana wanga, lira," anatero a Telala, nawonso misozi ili mbwembwembwe. "A Dalaivala, lizani galimoto."

Madamu anatsala ndi ana ena aja. A Telala anakhala kutsogolo kwa lole, Kamzime ali pamiyendo, Loya ali pambali, mawindo onse otsegula ngakhale mvula inkalowa. Msewu wa dothi unali phala lokhalokha. Lole inkavina, matayala akuzungulira pamodzimodzi, ndipo kawiri konse a Dalaivala anachita kubwerera m'mbuyo kuti ayambirenso chitunda. Kamzime akati atseke maso, a Telala ankamutsina pang'ono n'kumufunsa dzina la mphunzitsi wake, mtundu wa nsapato zake, chilichonse chimene chabwera m'mutu.

"Mutu ukundiwawa," anatero Loya.

"Pumira kuwindoko. Usagone."

Patapita kanthawi mtsikanayo anayambanso, akuyang'ana kunja. "Amalira tsiku lililonse. Anzathu a m'tenti anati akaliranso lero akagone yekha panja. Ndimafuna agone kaye kukuwala, anzathu asanabwere, ndiye ndikaibweze. Munati nsalu imayaka, ndiye ndinaika m'ndowa. Pansi ndinaika miyala. Ndinatseka kuti mphepo isamuzizire, komanso kuti inu musaone."

"Sunamve kuti mpweya waipa?"

"Ndimangomva tulo. Ndimati ndatopa."

A Telala anafuna kukalipa, koma mwanayu anali atamva zonse zimene iwo anaphunzitsa. Analakwira lamulo, inde, koma chimene iwo anamuopseza nacho anachitchinga mbali zonse, mwanzeru zake za zaka khumi ndi ziwiri. Zaka zonsezi iwo ankalalikira za moto. Zoti nyali yoyaka m'malo otsekeka imadya mpweya n'kutulutsa wina wakupha ankazidziwa chapatalipatali, monga mmene munthu amadziwira za mbaula yosiyidwa m'chipinda, koma sanazinenepo kwa mwana ndi mmodzi yemwe. Ndipo Loya anafunsa. Anakweza mkono pamaso pa anthu onse n'kufunsa, iwo n'kumutseka pakamwa.

Pachipatala chaching'ono cha m'mbali mwa msewu wa tala anapeza nesi wachikulire, amene atangomva mawu oti nyali ndi tenti sanafunsenso zambiri. Anawagoneka anawo n'kuwaveka zopumira mpweya kumaso.

"Mwachita bwino kuwatulutsa msanga ndi kubwera nawo," anatero nesiyo akugwira Kamzime pamkono. "Utsi umene munaumvawo si umene umapha. Woopsawo suoneka, sununkha. Munthu amangomva mutu, ulesi, tulo, basi osadzukanso. Nyali mukaivundikira ndiye imautulutsa wambiri. Wamng'onoyu timuyang'anira mpaka mawa."

"Achira?"

"Akuyankha bwino. Khalani pansi, mayi. Makolo mwawauza?"

Imeneyo ndiyo inali ntchito yotsala. A Telala anatulutsa foni m'kachikwama ka m'chiuno, kuiyang'ana nthawi yaitali. A Dalaivala anati aimbe iwo, koma a Telala anakana, n'kuimbira okha mayi a anawo. Foni inaitana kanayi. Kumbuyo kunkamveka phokoso la makina a kufakitale.

"Ndine a Telala. Ana ali moyo onse awiri, yambani mwamva zimenezo. Koma tili kuchipatala."

Mayi a Loya anafika m'mawa ndi basi yoyamba, akadali ndi ufa m'zikhadabo. Anadutsa a Telala pakhomo ngati sanawaone, n'kukagwada pabedi la Kamzime, amene tsopano anali atakhala tsonga akumwa tiyi. Anamugwiragwira mwanayo nkhope, mikono, miyendo, ngati akuwerenga ngati zonse zilipo. Atatuluka anaima patsogolo pa a Telala, maso ali psuu.

"Ndinakupatsani ana awiri oyenda okha."

"Ndi zoona, mayi."

"Anthu onse amati kukakhala Anti Samalani, gonani tulo. Ine ndinagona tulo."

A Telala anangoweramitsa mutu. Anawo anatulutsidwa masana, mayi awo n'kupita nawo kunyumba pabasi. Ena onse anapasula matenti tsiku lomwelo, ndipo m'lole pobwerera simunamveke nyimbo.

Sabata imeneyo a Telala sanapite pakhonde paja. Ankangokhala m'nyumba, nsalu za anthu zili mulu pampando. Amuna awo anasiya nthabwala, ankangobwera ndi nthochi n'kuziika patebulo. Mphekesera zinkawapeza momwemo: ena akuti ana anapsa, ena akuti akuluakulu onse anali kumacheza, ena akuti mayi uja wakalamba, maso sakuonanso. Loweruka kunaitanidwa msonkhano wa makolo.

Anakumana m'kalasi, anthu akuluakulu atapanikizika m'madesiki a ana, mawondo ali m'mwamba. Bambo wina wogwira ntchito kubanki anaimirira koyamba n'kunena kuti maulendowa athe, ana aziphunzira kumanga mfundo pabwalo la sukulu. Ambiri anavomereza. Madamu anafotokoza kuti malamulo analipo, ananenedwa momveka, ndipo mwana anachita kuba nyali mozemba. Mayi a Loya anali pakona, manja atapinda pachifuwa. Atamva mawu oti kuba, nsagwada zawo zinalimba.

A Telala anali asanayankhulepo pagulu la akuluakulu chibadwire. Koma tsikulo anaimirira.

"Mwanayo asatchedwe wakuba," anatero. "Analakwa kutenga nyali, ndipo akudziwa. Koma tsiku loyamba anandifunsa funso, ine ndinamuyankha ngati ndikuthamangitsa nkhuku. Ndikanamuuza chifukwa chake, sakanatseka tenti ija. Ana ndinawaphunzitsa kuopa moto basi, poti ndi umene ine ndimauopa. Za mpweya sindinanene. Chachiwiri, ndinamumva wamng'onoyo akulira masiku awiri, ndinangodutsa. Mwana woopa mdima ukamukaniza nyali, umupatse china. Ine sindinamupatse kanthu. Chachitatu, ndinachedwa ndi poto. Ndikanazungulira msanga. Madzi akatayika saoleka. Mukati ndisiye, ndisiya, nyali ndibweza mawa. Koma amene adzatenge malo angawo mudzamuuze zimene ndanenazi."

Anakhala pansi. Kenako a Dalaivala, amene palibe anawaitana kuti ayankhule, anatsokomola kumbuyo.

"Ine ndayendetsa magulu ambiri," anatero. "Kwina nyali saziwerenga n'komwe. Akanakhala ena, anawo tikanawapeza m'mawa."

Anakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Pomaliza anagwirizana kuti ulendo usathe, koma tenti iliyonse izikhala ndi tochi yakeyake yoti ana azigona nayo, nyali za parafini zizimangidwa ndi waya pamitengo yake, ndipo wamkulu mmodzi azizungulira matenti nthawi zonse, osagwira ntchito ina. Mwana wosakwana zaka zisanu ndi zitatu asapitenso, kaya mayi ake alire bwanji. A Telala anapemphedwa kuti apitirize. Bambo wa kubanki uja anati wake sadzapita, ndipo anatuluka msonkhano usanathe.

Miyezi yotsatira, mayi a Loya akamachokera kuntchito ankadutsa tsidya lina la msewu. A Telala ankawaona pamwamba pa magalasi, mwendo n'kuima pamakina, mpaka adutse. A Telala anapita kawiri kwa nesi wa pachipatala cha m'dera lawo kukafunsa bwino za mpweya uja, n'kulemba mayankho kuseri kwa buku la miyeso ya makasitomala. Kunyumba ankayeserera pa amuna awo mmene adzafotokozere ana: kandulo m'botolo lalikulu, kutseka pakamwa, kuonerera lawi likufooka mpaka kuzima.

"Tsono mwana akadzakufunsani kuti mpweya wakuphawo uli pati m'botolomo, mudzati chiyani?" anafunsa bamboyo.

"Ndidzati suoneka."

"Loya sadzavomera zimenezo."

"Ndiye ndidzakhala naye pansi mpaka avomere. Ngati adzabwere."

Chaka chotsatira ana amene analembetsa anali khumi ndi asanu ndi anayi okha. M'mawa wa ulendo, a Telala anali pabwalo la sukulu kusanache bwino, akulongedza matochi m'katoni ndi kuyesa iliyonse kawiri. Katundu atatsala pang'ono kutha kukwezedwa, anaona anthu awiri akulowa pageti. Loya anali atatalika, kampango kobiriwira kali m'khosi, chikwama kumsana. Pambuyo pake pankabwera mayi ake.

Mtsikanayo anapereka moni mwamanyazi n'kuthamangira kwa anzake. Mayiwo anaima pataliko pang'ono, akuyang'ana lole, osati a Telala.

"Wamng'onoyo zaka zakwana, koma ndamusiya. Mtima wanga sunafikepo."

"Ndikumva, mayi."

"Uyu wandisowetsa mtendere mwezi wathunthu. Akuti akapanda kupita, anzake aziti anathawa." Anapisa m'chikwama n'kutulutsa kabotolo kokulungidwa m'pepala. "Ali ndi chifuwa. Supuni imodzi m'mawa, imodzi madzulo. Yekha amaiwala dala, akuti ndi owawa."

A Telala analandira ndi manja awiri. Anafuna kunena zambiri, koma mayiwo anali atatembenuka kale, akuti achedwa kuntchito. Pageti anaimanso, kuyang'ana mwana wawo akukwera, kenako anapita.

Madamu anaitana mayina, ana anayankha, onse pamodzi makumi awiri. A Dalaivala analiza injini. A Telala anakwera kutsogolo, bokosi la nyali lili pakati pa mapazi awo, kabotolo ka mankhwala kali m'manja. Kumwamba kunali mitambo ingapo chakum'mawa, ndipo anaiyang'ana mpaka lole inakhota kulowa mumsewu waukulu.